MIG ya inverter ya 160A: kodi ndi makina oyenera kuyambira powotcherera bodi ya galimoto?

Chitsulo cha bodi ya magalimoto ambiri amene akuyenda m'misewu yathu, kaya ndi Vitz, Sienta, Passo, Demio kapena Honda Fit, ndi chopyapyala kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Pa chitseko, pa boneti ndi pa madigadi chimakhala cha pakati pa 0.6 ndi 0.9 mm. Nkhani yonse yosankha makina owotcherera yagona pa nambala imeneyi. Chitsulo cha 1 mm chimafuna moto wa pafupifupi 40A (A ndi ma ampeya, muyezo wa mphamvu ya motowo), ndiye cha 0.8 mm chimakwanira ndi 30A mpaka 35A. Makina amene pa katoni alembapo 250A kapena 300A ndi zilembo zikuluzikulu sakukuuzani kanthu pa ntchito ya bodi. Funso lofunsa wogulitsa ndi lakuti makinawo amatsika mpaka pati, ndiponso ngati akatsika chotero waya wowotcherera amatulukabe mosadukiza.

Makina amene tikuwaunika pano ndi aja ang'onoang'ono a inverter (oyendera mabodi a magetsi m'malo mwa transformer yolemera), a magetsi a 230V, olekeza pa 160A, amene amachita ntchito zitatu: MIG (kuwotcherera ndi waya amene makina amakankha okha, wotetezedwa ndi gasi), marodi ndi lift TIG (kuwotcherera ndi nsonga yosasungunuka ya tungsten). Mayina ngati Ingco ndi Total, amene mumawaona pa zipangizo m'mashopu a hardware, ali ndi makina a mtundu umenewu. Ogula ku South Africa amakumana ndi Tradeweld, Matweld ndi Pinnacle, ndipo amene thumba lawo likulola amafika pa ESAB, Lincoln Electric kapena Telwin. Maganizo athu ndi awa: kwa munthu amene akufuna kuika zigamba pa bodi, kukonza ekizozi, komanso kupanga mageti, mashelefu ndi mafelemu a mawindo, awa ndiwo makina oyenera kuyambira, pokhapokha akhale olandira gasi ndi waya wa 0.6 mm. Akasowa chimodzi mwa ziwirizi, asiyeni pa shelefu ngakhale mtengo utakhala wokopa.

Ambiri amayamba ndi makina a marodi chifukwa ndi otsika mtengo ndipo marodi amapezeka paliponse. Pa geti ndi pa angle iron palibe chowadandaulira. Rodi ya E6013 ya 2.5 mm imayenda bwino pa 60A mpaka 90A, ndipo ya 2.0 mm imatsika kufika cha m'ma 40A. Koma ngakhale yaing'onoyo, pa chitsulo cha 0.8 mm imaboola musanaone n'komwe chimene chikuchitika, chifukwa rodi imafuna kanthawi kuti moto ugwire, ndipo kanthawi kameneko ndi kokwanira kusungunula lata lonse. Alipo amisiri ku Ndirande ndi ku Biwi amene amatha kudontheza rodi pa madigadi osaboola, ena pogwiritsa ntchito makina okulungidwa pamanja konkuno, ndipo luso lawo n'losakanika. Komatu luso limenelo ndi la zaka zambiri, ndipo pansi pa filler wawo, phala lomatira posalaza bodi, nthawi zambiri pamatsalira makoko a rodi amene amakoka chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri pomwe anawotcherera pomwepo.

Kuwotcherera ndi lawi la oxygen ndi acetylene, kumene owongola magalimoto akale anakuzolowera, kuli ndi vuto lina. Lawi limatenthetsa dera lalikulu, chitsulo chimafutukuka kenako n'kukhwinyata pozizira, chitseko chonse n'kupindika. Zotsatira zake ndi filler wokhuthala ngati chala, amene amang'ambika galimoto ikangodutsa m'mabampu kangapo. Pa magalimoto atsopano palinso nkhani ya chitsulo cholimba mwapadera chimene amaika m'mizati ya pakati pa zitseko ndi m'munsi mwa zitseko. Chitsulo chimenecho chikatenthedwa ndi lawi chimataya mphamvu yake, ndipo pa ngozi chimapindika pamene chimayenera kuteteza anthu.

Msampha waukulu kwa ogula koyamba ndi makina a MIG opanda gasi. Amaoneka ofanana ndi enawa, ndi opepuka, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti mwapulumuka ku vuto la silinda. Waya wake ali ndi ufa mkati umene umateteza chitsulo chosungunuka, koma wochepetsetsa amene amapezeka kawirikawiri ndi wa 0.8 kapena 0.9 mm, ndipo amatentha kwambiri kuposa waya wamba. Pa bodi timawotcherera modontheza, kadontho kamodzi n'kusiya, ndiye dontho lililonse la waya ameneyu limasiya khoko pamwamba. Mukadontheza lina pambali pake musanapale khokolo, limatsekeredwa mkati n'kusiya timabowo. Kupala dontho lililonse ndi burashi ya waya pa chigamba chotalika masentimita 30 ndi ntchito yotopetsa, ndipo utsi wake umakulepheretsani kuona mzere. Waya wopanda gasi ali ndi malo ake: panja pamene pali mphepo, pa chitsulo cha 2 mm kupita m'mwamba. Makina a 160A amene tikukambawa amathanso kumugwiritsa ntchito, ndiye kugula opanda gasi okhaokha ndi kudzitsekera khomo popanda chifukwa.

Zoona musanapereke ndalama

Pemphani kuti akutsegulireni chitseko cha m'mbali pomwe pamakhala waya. M'menemo ndi mmene makina abwino amasiyanirana ndi achabechabe, chifukwa mabodi a magetsi ambiri amafanana, koma chokankhira waya chimasiyana kwambiri. Chikhale chachitsulo, osati pulasitiki imene imagwedera mukaikankha ndi chala. Rola yake ikhale yochotseka, yolembedwa 0.6 mbali ina ndi 0.8 mbali inayo. Makina ambiri amabwera ndi rola ya 0.8 ndi 1.0 yokha, ndipo waya wa 0.6 amangotereramo. Rola ya mpata wosalala wooneka ngati V ndi ya waya wamba, ya mano ndi ya waya wa ufa, ndipo mukaika ya mano pa waya wamba imamusenda, tizidutswa take n'kukatseka liner, kapayipi kamene waya amadutsamo popita ku tochi. Onaninso ngati mtengo wokolekapo waya ukulandira mpukutu wa makilogalamu 5 ndiponso ngati uli ndi sipuling'i yomangira. Mipukutu ya kilogalamu imodzi imatha msanga ndipo mukawerengera pa kilogalamu ndi yodula.

M'katimo kapena kutsogolo pakhale posinthira mawaya a + ndi a −. Waya wamba wa gasi amafuna tochi (chogwira m'manja chotulukira waya) ikhale ku +, earth (chingwe chopanira pa chitsulo chimene mukuwotcherera) ku −. Waya wa ufa wopanda gasi amafuna zosemphana. Makina ambiri amatuluka m'katoni atalumikizidwa mwa njira ya waya wa ufa, ndipo munthu akaikamo waya wamba osasintha, moto umangothetheka, chitsulo n'kumaunjikana pamwamba osalowa, iye n'kumati makina ndi oipa.

Tochi ikhale ya Euro connector, ija yomanga ndi nati yaikulu kutsogolo kwa makina. Yofala kwambiri ndi ya mtundu wa MB15, ndipo matipi ake a M6 (timitu ta kopa totulukira waya), manozulo (zotulukira gasi) ndi ma liner amapezeka mosavuta kuposa a mitundu ina. Tochi yomangidwiratu mkati mwa makina ikaphwanyika, mumayamba kusakasaka yofanana nayo mwina osaipeza. Kutalika kwa mamita 3 ndi kwabwino. Ya mamita 2 imakukakamizani kukoka makina nthawi zonse, ndipo yopitirira mamita 4 imavuta kukankhiramo waya wa 0.6 chifukwa ndi wofewa. Funsaninso ngati waya amakhala ndi moto nthawi zonse kapena pokhapokha mwadina batani. Makina ena otsika mtengo amakhala ndi moto ku tochi akangoyatsidwa, ndipo pa bodi, pamene mumafunika kuloza waya pamalo enieni musanayambe, zimenezo ndi zosapiririka.

Kumbuyo kukhale polowera payipi ya gasi ndi valavu ya magetsi imene imati tcha mukadina batani. Chingwe cha earth chinyamuleni m'manja: chikapepuka modabwitsa ndiye kuti ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, amene amatentha msanga. Sichifukwa chokanira makina, koma konzekerani kuchisintha pamodzi ndi chopanira chake, chimene pa makina ambiri a mtengo wapakati chimakhala cha lata lopyapyala.

Za mabatani, makina ambiri tsopano ali ndi synergic, kutanthauza kuti mumasankha kukula kwa waya ndi mtundu wa gasi, iwo n'kudziikira okha mavoti. N'zothandiza kwa woyamba, koma onetsetsani kuti pa mndandandawo pali 0.6 ndiponso kuti pali njira yoti musinthe mavoti ndi liwiro la waya panokha. Posinthira polembedwa inductance pakakhalapo ndi bwino, pamafewetsa moto ndi kuchepetsa zothetheka. Spot timer, imene imadula moto yokha pakatha nthawi imene mwaika, imathandiza kuti madontho akhale ofanana, koma chala chozolowera chimachita zomwezo.

Tsopano kachitsulo kolembedwa manambala kumbuyo kapena pansi pa makina. Pali mzere wa X wokhala ndi maperesenti: umenewo ukunena gawo la mphindi 10 limene makina angayake asanadzizimitse ndi kutentha, ndipo muyezo wa IEC 60974-1 umafuna kuti ayesedwe pa 40°C. Makina olembedwa 20% pa 160A amawotcherera mphindi 2 n'kupuma mphindi 8. Pa bodi zimenezi zilibe kanthu chifukwa mumayatsa sekondi imodzi n'kusiya. Zimayamba kuoneka mukamapanga geti ndi marodi a 3.2 mm pa 110A mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene kutentha kumafikadi pa 40°C. Makina opereka 60% pa 100A kapena kuposerapo ndi okwanira. Kachitsulo komweko kamaululanso bodza la pa katoni. Kuti rodi iyake pa 250A pamafunika pafupifupi 30V, ndiye kuti 7.5 kW. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fyuzi ya 13A, imene pa 230V imapereka pafupifupi 3 kW basi. Kabokosi kolemera makilogalamu 4 kokhala ndi pulagi yotere sikangatulutse 250A, alembe bwanji.

Masamu omwewo akukhudzanso makina athu a 160A. Pa ntchito ya bodi amakoka mphamvu yosafika 1.5 kW, soketi ya m'nyumba imakwanitsa bwinobwino. Mukakwera kupitirira 120A kapena 130A fyuzi ya 13A imayamba kupsa. Mankhwala ake si kukulunga waya m'malo mwa fyuzi, monga ambiri amachitira mpaka soketi kusungunuka, koma kuitana wodziwa zamagetsi akukokereni chingwe chakechake kuchokera pa bokosi la ma breaker, chokhala ndi soketi ya 16A kapena 32A. Makina ochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ndipo ma adapter a pamsika satha kupirira katundu wotere. Chingwe chowonjezera chikhale cha 2.5 mm², chachifupi mmene mungathere, ndipo muchitambasule chonse chifukwa chokulungidwa chimatentha. Madzulo, pamene magetsi a ESCOM amafooka m'madera ena, mudzaona moto ukuchepa mphamvu pa manambala omwe aja munagwiritsa ntchito m'mawa. Magetsi akathima zimitsani makina pa switch yake, chifukwa kubwera kwake kwadzidzidzi ndi kumene kumaotcha mabodi a inverter. Pa jenereta, ya 2.5 kVA ya pa nyumba ndi yochepa. Pamafunika ya 5 kapena 6 kVA yokhala ndi AVR, chipangizo chokhazikitsa mavoti, ndipo muziyamba mwailiza n'kuisiya ikhazikike musanayatse makina.

Gasi ndiye amene amabweza anthu ambiri m'mbuyo, ndipo tisabise, ndi ndalama yoonjezera imene muyenera kuiwerengera musanagule makina. Wabwino kwambiri pa lata lopyapyala ndi wosakaniza argon wambiri ndi carbon dioxide pang'ono, monga mitundu ya Argoshield ya kampani ya Afrox, imene ilinso kuno ku Malawi. Amapereka moto wofatsa ndi zothetheka zochepa. Carbon dioxide yekha ndi wotsika mtengo ndipo amagwira ntchito, kungoti moto wake ndi waukali, umalowa kwambiri, ndipo pa 0.7 mm amafuna dzanja lofulumira. Argon yekha ndi wa TIG ndi aluminiyamu: pa chitsulo wamba amasiya mzere wotumphuka wosagwira m'mbali. Regulator, yochepetsa mphamvu ya gasi potuluka m'silinda, ikhale yogwirizana ndi silinda yanu, popeza mano a silinda ya carbon dioxide ndi osiyana ndi a argon, ndipo ikhale yoonetsa malita pa mphindi. Malita 8 mpaka 10 ndi okwanira m'galaja. Kutsegula kwambiri sikuteteza bwino, kumavundula mpweya n'kuukokera m'chitsulo. Silinda ya malita 10 yodzazidwa pa 200 bar imakhala ndi malita pafupifupi 2,000 a gasi, amene ndi maola opitirira atatu a moto woyaka, ndipo pa ntchito yodontheza amenewo ndi masiku ambiri. Timasilinda totaya tija ta malita 110 timatha m'mphindi zosakwana 15. Musayese kugwiritsa ntchito chozimira moto ngati silinda: chili ndi kapayipi mkati kotulutsa madzimadzi a carbon dioxide, amene amaumitsa regulator.

Mmene makinawa amachitira pa chigamba

Ikani waya wa ER70S-6 wa 0.6 mm ndi tipi ya 0.6. Poyambira pabwino pa chitsulo cha 0.8 mm ndi 15V mpaka 16V, liwiro la waya mamita 3 mpaka 3.5 pa mphindi. Rola imangeni pang'ono: mukapana waya ndi zala zovala magolovesi azitha kuterera pa rola, osati kupindika. Waya atuluke mamilimita 6 mpaka 8 kuchokera pa tipi. Manambala akakhala bwino moto umalira mosalekeza ngati tchipisi pa chiwaya. Waya akamagunda chitsulo n'kukankhira tochi m'mbuyo ndiye kuti liwiro lake lachuluka kapena mavoti achepa. Waya akamasungunukira m'mwamba n'kumamatira pa tipi ndiye kuti liwiro lachepa.

Dulani dzimbiri lonse mpaka mufike pa chitsulo chowala cha makulidwe ake enieni. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amawotcherera m'mphepete mwa bowo pomwe dzimbiri ladya chitsulo kufika pa 0.3 mm, bowo n'kumangokula, iwo n'kumatsitsa moto mpaka osagwiranso. Chigamba chikhale cha makulidwe ofanana ndi bodiyo, ndipo gwero labwino ndi boneti kapena chitseko cha galimoto yakufa. Malata ofolerera nyumba ayi. Ndi opyapyala kwambiri ndipo ndi okutidwa ndi zinc, amene amathetheka, kusiya timabowo, ndi kutulutsa utsi woyera wodwalitsa mutu ndi kuphwanya thupi. Palani penti mbali zonse ziwiri masentimita awiri kapena atatu kuchokera m'mphepete, ndipo chotsani phula la pansi pa galimoto chifukwa limayaka.

Chigamba chilowe m'bowo mogundana m'mbali, mpata usapitirire kukula kwa waya. Kusanjika chigamba pamwamba pa chitsulo chakale ndi kosavuta, koma pakati pa zitsulo ziwirizo pamakhala madzi ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Gwirizani ndi maginito kapena zopanira, donthezani m'makona, kenako dontho limodzi pa masentimita 4 kapena 5 alionse. Dontho lililonse ndi theka la sekondi mpaka sekondi imodzi. Musakoke mzere. Dumphani kuchoka mbali ina kupita ina, kubwerera pamalo pokhapokha mutatha kugwirapo ndi dzanja, ndipo dontho latsopano lizikwera theka la lakale mpaka mpata wonse utatsekeka. Chodabwitsa kwa oyamba n'chakuti moto wokwererako pang'ono kwa kanthawi kochepa umapinda chitsulo pang'ono kuposa moto wofooka wokhalitsa, ndipo dontho lake limakhala lathyathyathya losavuta kupala. Cheukani kuseri: dontho labwino limaonekera mbali inayo.

Powotcherera paliponse pamakhwinyata pozizira, ndiye ngati kuseri kukufikika, menyani madontho pang'onopang'ono ndi hamala ndi chitsulo chotsamiritsa kuseri kuti muwafutukule. Bowo likabooka, tsamiritsani kachidutswa ka kopa kuseri, ngakhale payipi ya kopa yophwatalala, n'kudontheza kuchokera m'mphepete. Chitsulo sichimamatira pa kopa. Popala ndi grinder palani msana wa madontho wokha, ndi flap disc (disiki ya sandipepala) ya nambala 60 kapena 80, osakhalitsa pamodzi chifukwa grinder nayo imatenthetsa ndi kupyapyalitsa bodi. Walitsani nyali kuseri muone ngati pali timabowo. Kenako primer (penti yoyamba) ya epoxy mbali zonse, seam sealer (phala lotseka madzi) m'malumikiziro, ndipo filler asapitirire mamilimita atatu.

Pomwe fakitale inalumikiza ndi ma spot weld, timadontho togwirizanitsa zitsulo ziwiri zosanjikizana, monga pansi pa galimoto ndi m'munsi mwa zitseko, boolani chitsulo chapamwamba mabowo a 6 mpaka 8 mm motalikirana ngati mmene analili akale, panani zitsulo zigundane kwathunthu, yambitsani moto pakati pa bowo pa chitsulo chapansi n'kuzungulira mpaka lidzaze. Apa moto ukwereko kuposa wa chigamba. Makinawa amachita bwino kwambiri ntchito imeneyi.

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira makina amachokera kwina. Timabowo ngati ta siponji m'chitsulo ndi gasi amene sakufika: mphepo, nozulo yodzaza zothetheka, payipi yobooka, kapena penti ndi mafuta otsalira. Ngakhale kamphepo kochepa kamachotsa gasi, ndiye wogwirira ntchito panja atchinge ndi bolodi. Waya wodukizadukiza nthawi zambiri ndi wadzimbiri. Nyengo ya mvula mpukutu wosiyidwa m'makina umachita dzimbiri m'masabata ochepa n'kuwononga liner, choncho uchotseni muusunge m'pulasitiki yomanga bwino. Waya akapiringizana pa rola, onani tipi ngati yatsekeka, chingwe cha tochi ngati chapindika, ndi rola ngati mwaimanga mopitirira. Moto wovuta kuyamba ndi earth yopanidwa pa penti kapena kutali. Matipi ndi otha ngati marodi, gulani khumi nthawi imodzi.

Musanayatse moto pa galimoto chotsani waya wa − pa batire, ndipo earth muipane pa chitsulo chopalidwa pafupi ndi pomwe mukuwotcherera kuti magetsi asadutse m'mabering'i kapena m'kompyuta ya galimoto. Chotsani kapeti, mipando ndi zotchingira za m'zitseko, fufuzani kumene kwadutsa mapayipi a mafuta ndi mawaya, phimbani magalasi chifukwa zothetheka zimalowerera m'galasi osachokanso. Magalimoto a hybrid monga Aqua, Prius ndi Fit Hybrid ali ndi mawaya a mtundu wa olenji onyamula magetsi akupha, ndipo batire yaikuluyo iyenera kulekanitsidwa ndi wodziwa. Thanki ya mafuta kapena mgolo umene munali petulo musawotcherere ngakhale utaoneka wouma. Musatsukire chitsulo ndi brake cleaner wokhala ndi chlorine, chifukwa akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene. Mukamaliza khalani pafupi theka la ola, moto wa m'kati mwa bodi umanyeka mobisala. Chipewa chodzidetsa chokha cha shade 9 mpaka 13 sichinthu chongosangalatsa pa ntchito imeneyi: madontho mazana angapo simungawaloze bwino ndi chigoba chogwira pamanja, ndipo chizolowezi chotsinzina m'malo movala chipewa chimathera pa maso ofiira otuluka misozi usiku wonse.

Pa ntchito zina zopangapanga makinawa sakhumudwitsa. Ndi waya wa 0.8 mm, square tube ya 1.6 mpaka 2 mm imayenda pa 17V mpaka 18V ndi mamita 4 mpaka 4.5 pa mphindi, ndipo angle iron ya 3 mm pa 19V ndi mamita pafupifupi 6. Pa machubu opyapyala amene achuluka pamsika, amene rodi imawaboola m'makona, MIG imafulumiza ntchito kwambiri ndipo palibe khoko logogoda. Malire ake ndi cha m'ma 4 kapena 5 mm. Kupitirira apo MIG yaing'ono imatha kusiya mzere wokongola umene sunalowe m'chitsulo, ndipo ndi bwino kusamukira ku mbali ya marodi, imenenso ndi yothandiza mukakaika geti kwa kasitomala kopanda kunyamula silinda. Chassis ya pikapu, chokokera ngolo ndi chilichonse chonyamula miyoyo ya anthu si ntchito ya woyamba kuphunzira, makina akhale abwino chotani.

Mbali ya lift TIG musaiwerengere pogula. Tochi yake imagulidwa padera, imafuna silinda ina ya argon yekha, gasi mumatsegula ndi dzanja, ndipo popeza makinawa ndi a DC okha sangawotcherere aluminiyamu ndi TIG.

Kufooka kwenikweni kwa inverter ndi fumbi. Fani yake imakoka fumbi la chitsulo lochokera ku grinder n'kuliunjika pa bodi ya magetsi mpaka ipse, ndipo ikapsa imafuna wokonza zamagetsi wodziwa ma IGBT, tizipangizo ta pa bodiyo, pamene MIG yakale ya transformer imapirira nkhanza zaka zambiri ndipo pafupifupi aliyense wokulunga mamota angaikonze. Ya transformer yogwiritsidwapo kale ntchito, yochokera ku kampani yodziwika, yotsika kufika 30A, ndi yoyenera kuiganizira ngati galaja yanu ndi yokhazikika pamodzi. Kungoti ndi yolemera, imakoka magetsi ambiri, ndipo mavoti ake amasinthidwa ndi masitepe anayi kapena asanu ndi limodzi, mwina lata lanu n'kugwera pakati pa sitepe yoboola ndi yosagwira. Inverter mumaisintha pang'onopang'ono mpaka mupeze penipeni. Iikeni pamwamba, kutali ndi kumene grinder ikulavulira, ndipo mwezi uliwonse, itazimitsidwa ndi kuzulidwa ku soketi, ipemerereni ndi mpweya wa kompuresa. Gulani kwa wogulitsa amene akupatsani risiti ndi chitsimikizo cholembedwa, ndipo mufunseni ngati amasunga matipi, ma liner ndi waya wa 0.6, chifukwa makina opanda zimenezi amangokhala.

Pogawa ndalama, makina asadye zonse. Silinda ndi gasi wake, regulator, chipewa, magolovesi achikopa, waya wa mitundu iwiri, grinder ya 115 mm, zopanira ndi chozimira moto zikaphatikizana zimatha kufanana ndi mtengo wa makinawo. Ndi bwino kutenga a 160A a mtengo wapakati pamodzi ndi zonsezi kusiyana ndi a 200A odula n'kumawotcherera opanda gasi. Amene ntchito yake ndi mageti ndi zitsulo za m'mawindo zokha, ndipo galimoto amaigwira mwa apo ndi apo, angokhala ndi inverter ya marodi, MIG siimubwezera ndalama msanga.

Makina akafika, musayambire pa galimoto ya kasitomala. Pezani chitseko chakufa, chiduleni tizidutswa, lumikizani tiwiritiwiri mogundanitsa ndi mwa mabowo, kenako panani pa vayisi n'kukanganula ndi pulayala kapena tchizulo. Dontho logwira bwino limang'amba chitsulo n'kusiya bowo pa chidutswa chimodzi. Likangothothoka n'kusiya chapansi chili chosalala, kwezani mavoti ndi theka, onjezani waya pang'ono, muyesenso. Manambala amene agwira pa makulidwe alionse alembeni mkati mwa chitseko cha makina, pamodzi ndi mtundu wa gasi ndi kukula kwa waya.